Zida za Situdiyo ya Bambo

Bambo ake a Chisamba atagwa ndi sitiroko, zida za mu situdiyo yawo yojambulira nyimbo sizinachedwe kuwatsatira. Tsiku lina masana magetsi anazima, ndipo pobwera anabwera ndi ukali. Kompyuta inanunkha ngati tayala lopsa, sipika imodzi inayamba kulira ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo, ndipo kabokosi kolumikizira maikolofoni ku kompyuta, kamene eni ntchito amati saundikhadi, sikanayakenso. Zinapulumuka ndi kiyibodi yakale, mipando iwiri, ndi a Chipewa.

A Chipewa anayamba kugwira ntchito ndi bambo akewo Chisamba asanamere mano. Bambo ndiwo ankalandira oyimba, kukonza nyimbo ndi kuyimba gitala, pamene a Chipewa ankakhala pa kompyuta kujambula ndi kusakaniza mawu. Dzinalo analitengera pa chipewa chofiirira chimene sankavula ngakhale povala mahedifoni, ndipo m'zaka zaposachedwapa ankachitsitsa mpaka pa nsidze. Panalibe ubale wa magazi, koma Chisamba anakula akuwaitana kuti ankolo. Iwonso ankamutchula momwe bambo ake ankamutchulira, Chisamba, pakuti ndiye anali woyamba kubadwa.

Chisamba sanali munthu wa nyimbo. Ankagwira ntchito ku kampani ya inshuwalansi, ndipo ntchito yake inali yofufuza ngati munthu amene akulira kuti galimoto yake yagundidwa akunena zoona. Anali ataona amuna aakuluakulu akugwetsa misozi chifukwa cha ngozi imene anachita kuikonza okha ndi nyundo kuseri kwa galaja. Ntchitoyo inamusiyira khalidwe limene mwamuna wake ankadandaula nalo: munthu akamuuza kuti kunja kukugwa mvula, iye ankayamba wayang'ana nsapato za munthuyo ngati zanyowa.

Mayi ake ankafuna kuti situdiyo itsekedwe. Koma akangoiyamba nkhaniyo, bambo ankamenya bedi ndi dzanja lawo lamoyo mpaka mayi atasiya. Kulankhula kunali kutawathawa, koma kukana anali nakobe. Pamapeto pake Chisamba anapempha tchuthi chachitali kuntchito, natenga makiyi, n'kukwera masitepe opapatiza a pamwamba pa sitolo ya penti, kumene kunali zipinda ziwiri zogawidwa ndi galasi, makoma ake omata masiponji ndi makapeti akale.

Anayamba monga ankayambira nkhani iliyonse, kuwerenga ndi kufunsa. Anaonera mavidiyo pa foni mpaka maso kuwawa, analowa m'magulu a anthu ojambula nyimbo, ndipo anaphunzira kuti masiku ano situdiyo yonse imatha kukwana m'chikwama: laputopu yamphamvu, saundikhadi yaing'ono, maikolofoni yabwino, masipika osanama, ndi pulogalamu yojambulira. Pa za pulogalamu anthu ankakangana ngati za mpira, koma ambiri ankatamanda ina yatsopano, yosavuta kuphunzira, yobwera kale ndi ng'oma ndi malipenga mkati mwake.

A Chipewa anamvetsera zonsezi atakhala pa mpando wawo, manja ali pa mawondo. Kenako anati iwo akufuna pulogalamu yomwe ija ya kale, osati ina. Ankafunanso mikisa yosakanizira mawu, ya mabatani aakulu okankha ndi zala, chinthu chimene aliyense m'magulu aja ankati n'kungowononga ndalama, komanso sikirini yaikulu ngati tivi ya m'bala. Chisamba atafunsa chifukwa, anangoti nyimbo imafuna manja, ndipo anawonjeza akuseka kuti mawu a akulu akoma akagonera. Anati amva za sitolo ina kuseri kwa depoti ya mabasi kumene zonsezi zimapezeka. Mwini wake sakumudziwa, anatero, angomva kwa anthu.

Mawu oti sakumudziwa ndiwo anatsalira m'khutu la Chisamba, pakuti iye anali asanafunse.

Tsiku loti mawa lake apita ku sitoloko, Chisamba anakagula mankhwala a bambo ake ku famase ya kufupi ndi depoti. Potuluka anaona chipewa chofiirira pa zenera la kanyumba komwera tiyi kutsidya kwa msewu. Anaima kuseri kwa minibasi yoimikidwa. A Chipewa anali atakhala ndi munthu wandevu zambiri, mitu yawo itatsala pang'ono kugundana. Wandevuyo ankawerenga chinachake pa foni yake n'kuima, ndipo a Chipewa ankabwereza, milomo ikuyenda ngati mwana woloweza vesi. Akalakwitsa, wandevu ankapukusa mutu n'kuyambiranso. Makapu a tiyi anali pambali osakhudzidwa.

M'mawa mwake, iye ndi a Chipewa atalowa mu sitolo ija, amene anadzuka kuseri kwa kauntala anali wandevu yemwe uja. Anapatsa moni a Chipewa ngati munthu amene sanawaonepo chibadwire, nafunsa ngati awa ndi mwana wawo. A Chipewa anayankha kuti ndi abwana awo atsopano. Onse awiri anaseka, ndipo Chisamba anasekanso, kuseka kwa mano okha.

Sitoloyo inali yaitali ndi yamdima, magitala atapachikidwa m'khoma ngati majasi, makatoni ataunjikidwa mpaka kudenga, mawaya atakulungidwa pa misomali. Mwini sitolo sanafunse zambiri. Anatulutsa mikisa ya mabatani aakulu, sikirini yaikulu ndi katoni ya saundikhadi, ndendende zimene a Chipewa anatchula, ngati kuti zinkadikira kale pansi pa kauntala. A Chipewa ananyamula katoniyo n'kuyamba kuwerenga mokweza: ili ndi malo angati olowetsera maikolofoni, angati a magitala, imamva mawu mofulumira bwanji. Sanaphonye ndi liwu limodzi lomwe. Koma Chisamba, ataima pambali pawo, anaona kuti katoniyo aigwira mozondoka, malemba mutu uli pansi. Atamaliza, a Chipewa anatembenukira kwa wandevu n'kufinya diso limodzi.

Mtima wa Chisamba unakhala pansi, monga unkachitira kuntchito akagwira ulusi wa bodza. Sanakwiye nthawi yomweyo. Anapempha mwaulemu kuti amuonetse pulogalamu yatsopano ija. Mwini sitolo anazengereza, nati imeneyo ndi ya anyamata a nyimbo zovina, komabe anatsegula laputopu. Chisamba anakokera a Chipewa mpando kuti ayese. Iwo anakana kukhala. Anati za ana sakhudza, ndiponso mpweya wa m'sitolomo wawatopetsa, ndipo anatuluka kukaima pakhonde.

"Achimwene, ankolo angawa mumawadziwa?" Chisamba anafunsa motsitsa mawu.

"Makasitomala ndi ambiri, achemwali. Nkhope sungaziloweze zonse."

"Ndevu zanuzo ndiye zosaiwalika," Chisamba anatero, ndipo munthuyo anayamba kupukuta fumbi pa mikisa imene inalibe fumbi.

A Chipewa atabwerera anayesa maikolofoni. Apa pokha ndi pamene Chisamba anawaona ali momwe ankawadziwira. Anavala mahedifoni pamwamba pa chipewa, n'kumuuza kuti alankhule, aseke, ayimbe kanyimbo kalikonse. Iwo anakonda maikolofoni yaikulu yasiliva, yodula kuposa zonse, imene inachititsa mawu a Chisamba kumveka ngati a wowerenga nkhani pa wailesi. Iye anakonda ina yakuda, yaing'onopo, chifukwa m'menemo anadzimva momwe amadzidziwira. Koma ngakhale apa anadzifunsa ngati yasilivayo aikonda ndi makutu, kapena inali mbali ya vesi la dzulo lija. Anauza mwini sitolo kuti iye akaganiza kaye, ndipo anatuluka osagula ngakhale waya.

Kunyumba anafotokozera mayi ake zonse, ali m'chipinda cha bambo akusintha zoyala. Mayi sanadabwe. A Chipewa sanawakondepo. Ankati munthu wosavula chipewa m'nyumba ya eni ake amabisa zambiri kuposa dazi. Kwa iwo nkhani inali poyera. Wandevuyo akweza mitengo, a Chipewa alandira kangachepe kuseri, ndipo mwana wa mnzawo wodwala ndiye nkhuku yoti aisosole. Bambo anamva zonse. Anayesa kulankhula, kukamwa kukupotoka, koma panangotuluka mpweya. Kenako anakweza dzanja lamoyo lija n'kudziphimba nalo kumaso. Mayi anati dzuwa likuwalasa, natseka katani.

Mwamuna wa Chisamba yekha ndiye anayesa kuthira madzi pamoto. Anati mwina akuluwo amangochita manyazi ndi Chingelezi cha pa makatoni, ndipo kuti si aliyense wonong'ona amene akugawana nyama. Chisamba anati achita kuyesa. Tsiku lotsatira anauza a Chipewa, mongodutsa, kuti maikolofoni yasiliva ija yayamba kumusangalatsa, koma akuopa mtengo. Dzuwa lisanapendeke foni yake inalira. Anali wandevu, akuti wamuganizira ngati mlongo wake ndipo yasiliva ija angaitsitseko. Nambala anaitenga kuti, Chisamba sanafunse. Anangoonetsa mwamuna wake foniyo, ndipo mwamunayo anakweza mapewa n'kupitiriza kusita malaya.

Chisamba anabwerera ku situdiyo kukayang'ana ndi maso a kuntchito. Anafunafuna kachipangizo kosungira nyimbo zonse za makasitomala, kamene bambo ankasunga mu kabati ya pansi pa tebulo, koma munali mawaya okhaokha. Atawafunsa, a Chipewa anati anakatengera kwawo kuti kasapse ndi magetsi. Anaimbira foni oyimba ena akale kuwauza kuti situdiyo itsegulidwanso. Mmodzi anadandaula kuti ulendo wathawu anapatsidwa nyimbo ya munthu wina. Wina anati wamva kuti a Chipewa akusamukira ku situdiyo ina ya kutsidya kwa njanji, ndipo nyimbo zake akazimalizira kumeneko.

Apa Chisamba anaona kuti nkhani yalumikizana. A Chipewa ankafuna pulogalamu imene iwo okha ankaidziwa kuti situdiyo isamayende popanda iwo. Zikatheka, adyapo pa zida n'kukhala mfumu pa kompyuta. Zikakanika, makasitomala ali kale m'thumba mwawo. Khoswe anali atakhala pa mkhate. Chimene chinamuwawa kwambiri chinali kukumbukira kuti munthu ameneyu ndi amene ankamunyamula paphewa ali wamng'ono kuti afikire maikolofoni.

Sanawauze kanthu. Anapita yekha ku sitolo ina ya pakati pa tauni, yowala, ya mitengo yolembedwa poyera. Mayi wogulitsa kumeneko anamulola kuyesa masipika ndi nyimbo yakale ya bambo ake imene inali pa foni. Masipika ena ankaikongoletsa, kuipatsa bezi, kugunda kwa mawu a pansi, imene inalibe. Iye anasankha amene anamumvetsa ngakhale kukwecha kwa zala za bambo pa nsambo za gitala. Anagulanso laputopu, saundikhadi yaing'ono, ndi maikolofoni yakuda yofanana ndi ija. Pulogalamu yatsopano anaitenga yongoyesera kwa kanthawi. Analumikiza zonse yekha, foni itatsamira khoma ikumuonetsa kuti waya uti upita pati. A Chipewa atafika anapeza masipika akuyimba. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pa tebulo, n'kusisita laputopu ndi chikhatho, n'kupapasa m'mbali mwake ngati pali chinanso, kenako anati zili bwino, abwana asankha. Tsiku lonselo sanavule jekete.

Kasitomala woyamba anali mayi wina wosoka zovala, amene anapeka nyimbo yoti ikayimbidwe pa ukwati wa mng'ono wake, mwana amene anamulera yekha makolo atamwalira. Sanali woyimba wozolowera. Analowa m'chipinda cha galasi atagwira mahedifoni ndi manja onse awiri. Chisamba anakhala kumbuyo kwa a Chipewa, maso ali pa manja awo.

Manjawo anali ngati a munthu wina. Zala zinkathamangira mabatani amene pa pulogalamu iyi ankachita zina: akafuna kuyamba kujambula, pankatseguka kawindo kachilendo, akafuna kubwerera kumayambiriro, nyimbo inkalumphira kutsogolo. Ankaweramira pa sikirini yaing'onoyo mpaka mlomo wa chipewa kuikhudza, akuyendetsa mausi uku ndi uku. Chisamba anawalozera batani lofiira, iwo anati aliona. Mayi uja anayamba kangapo n'kumalakwitsa, koma kenako mantha anamuchoka, ndipo anayimba nyimbo yonse osaima, misozi ikutsika, mawu akusweka pamalo poyenera kusweka. Atamaliza anaseka yekha, nati sangathenso kubwereza chotero.

A Chipewa anakanikiza batani kuti amve. Munalibe kanthu. Pa sikirini mzere wa mawu unali wowongoka ngati ulusi. Nyimbo sinajambulike.

Anayesanso, koma mayiyo mawu anali atauma. Anatenga chikwama chake nati abweranso, ndipo onse atatu anadziwa kuti sabweranso. Chisamba anamuperekeza mpaka pansi pa masitepe akupepesa, kenako anakwera n'kutseka chitseko.

Analankhula osakweza mawu, monga ankachitira ndi anthu a kuntchito. Anawauza za kanyumba ka tiyi, za vesi loloweza, za katoni yozondoka, za diso lofinya, za foni ya wandevu, za situdiyo ya kutsidya kwa njanji. Kenako ananena chimene chinali pansi pa zonsezo.

"Mwachita dala, ankolo. Mwataya nyimbo ya mayi uja kuti ndione ngati zida zangazi n'zachabe, ndibwerere kwa mnzanu wandevu."

Pansi, mu sitolo ya penti, wina ankakoka zitini. A Chipewa anadzuka, n'kupita pa zenera la ku masitepe pamene pankalowa dzuwa, ndipo anavula chipewa.

"Tabwera kuno, Chisamba. Uyang'ane bwinobwino, poti kuyang'ana ndiye ntchito yako."

Anayandikira. Pakati pa diso lakumanja, pamene payenera kukhala pakuda, panali poyera ngati dontho la mkaka m'madzi. Lakumanzere linkaoneka lakuda ndithu, koma silinkayang'ana iye. Linkayang'ana penapake pambali pa khutu lake.

Anafotokoza ataima pomwepo, chipewa chili m'manja. Zinayamba ngati utsi, ndipo utsiwo unkangokulirakulira. Pulogalamu yakale ija anali atasiya kale kuiona, ankaidziwa ndi zala, moti ankatha kujambula kwaya yonse ali chitsinzinire. Zofunika kuwerenga, bambo ake a Chisamba ndiwo ankawawerengera atakhala pambali pawo, ndipo panalibe kasitomala amene anazindikira. Bambo atagwa, iwo anatsala okha ndi utsiwo. Iwo ndiwo anapempha wandevu kuti awalowezetse zolembedwa pa makatoni kuti asachite manyazi pamaso pa mwana. Mikisa ankaifuna chifukwa batani lokankha chala chimalimva pamene lili. Diso ankalifinya kuti aone pamene munthu waima. Batani lofiira lija sanalione, anangoti aliona.

Chisamba anakumbukira dzanja la bambo ake litaphimba kumaso, ndipo anazindikira kuti bambowo ankadziwa zonsezi. Koma chizolowezi sichichoka tsiku limodzi. Anafunsabe ngati wandevuyo anawaphunzitsa ulere. A Chipewa anaseka pang'ono, nati munthuyo anawalonjeza mahedifoni atsopano zida zikagulidwa kwa iye, ndipo iwo sanakane.

"Nanga situdiyo ya kutsidya kwa njanji?"

"Ndinapitako. Kumeneko akugwiritsabe ntchito pulogalamu yakale. Ndimati ukadziwa za masowa undichotsa, ndiye ndikhale ndi pogwera."

"Ndi makasitomala a bambo."

"Ndi anganso, mwananga. Ndinawajambula ndine."

Chisamba anali atabwera ndi mlandu umodzi, ndipo unali utasweka pakati, mbali ina inali yongopeka m'mutu mwake, mbali ina inali yoona. Sanadziwe kuti apepese pati ndi kukwiya pati. Anangofunsa chifukwa chimene sanapitire kuchipatala. Iwo anati mnzawo wina anapita kukang'ambidwa diso n'kubwerako wosaona konse, komanso munthu akalowa kuchipatala nkhani yake imafika m'tauni iye asanatuluke. Ndani angapereke nyimbo yake kwa mmisiri wosaona?

Chisamba ndiye anawatengera ku chipatala cha maso. Anakhala nawo pa benchi ya m'khonde, pakati pa anthu omata mabandeji, ndipo ataitanidwa analowa nawo limodzi, ngakhale namwino anati angathe kudikira panja. A Chipewa anamuyang'ana cham'mbali.

"Wabwera kudzandiperekeza, kapena kudzamva ngati ndikunama?"

"Zonse, ankolo."

"Magazi a mayi ako amenewo," anatero, n'kukhala pa mpando wopimira.

Dokotala anati lakumanja ndi ng'ala, imachotsedwa, ndipo lidzaonanso. Lakumanzere linawonongedwa ndi shuga amene a Chipewa sankadziwa kuti ali naye, ndipo silidzabwerera. Chotheka n'kuteteza kuti lisaipirepo. Chisamba anafunsa mafunso ambiri kuposa wodwala, mpaka dokotala anafunsa ngati nayenso ndi wachipatala.

Pa nthawi imene ankadikira opaleshoni ndi pamene anasankha zida kachiwiri, ulendo uno atakhala pamodzi. Pulogalamu yakale yeniyeniyo inali itasiya kugulitsidwa, ndipo Chisamba anakana yokopera mwakuba imene wandevu ankanong'ona kuti angaipeze. Anagula mtundu watsopano wa pulogalamu yomweyo. Maonekedwe anali atasintha, koma mabatani ambiri ankachitabe zimene zala za a Chipewa zinkayembekeza. Laputopu inakhala, koma anailumikiza ku sikirini yaikulu. M'malo mwa mikisa yaikulu ija anagula kamikisa kakang'ono kolamulira pulogalamu, ka mabatani okankha, ndipo a Chipewa anadandaula kuti n'kachidole, koma manja sanawachotsepo. Pa maikolofoni sanagwirizane. Iwo anapitiriza kunena kuti yakudayo imadya mawu a amuna, ndipo Chisamba anapitiriza kuyankha kuti yasiliva idzagulidwa situdiyo ikadzayamba kudzidyetsa yokha. Sikirini ndi kamikisa anazigula kwa wandevu, koma anayamba wafunsa mitengo m'masitolo ena, ndipo anamuuza pamaso pa a Chipewa kuti za mahedifoni ziiwalike. Wandevu anati iye ankangothandiza akuluwa. Chisamba anati akudziwa.

Mayi ake a Chisamba sanakhulupirire mpaka ataona bandeji. Ngakhale pamenepo anati munthu wobisa diso angabisenso zina. Chisamba anawatsutsa pakamwa, koma mumtima sanawatsutse kwenikweni. Kachipangizo kosungira nyimbo kanabwerera ku situdiyo, ndipo iye anagula kena, kamene ankakoperamo zonse poweruka n'kupita nako kwawo. A Chipewa ankamva kulira kwa zipi ya chikwama chake tsiku ndi tsiku, ndipo sanafunsepo.

Mayi wosoka uja sanabwerenso. Nyimbo yake anakaijambulitsa kwina, ndipo anauza anthu ambiri zimene zinamuchitikira, moti makasitomala anachedwa kubwerera. Ena mwa akale anapitadi kutsidya kwa njanji ngakhale a Chipewa sanapite. Tchuthi cha Chisamba chitatha, anagwirizana ndi abwana ake kuti azigwira ntchito m'mawa mokha, masana n'kumakhala ku situdiyo pambali pa a Chipewa, kuwawerengera zimene diso limodzilo linkaphonya, iwo n'kumamuphunzitsa kumva pamene bezi yaphimba mawu a woyimba.

Ntchito yoyamba imene anamaliza pamodzi inali yotsatsa sukulu yophunzitsa kuyendetsa galimoto, kanyimbo kachidule kamene mwini sukuluyo anaumirira kuyimba yekha, ngakhale mawu ake anali ngati a chitseko cha dzimbiri. A Chipewa anakonza zimene zikanakonzeka, zotsalazo anazikwirira pansi pa malipenga. Mwini sukulu anasangalala kwambiri, ndipo kanyimboko kanaulutsidwa pa wailesi nyengo yonse ya mvula.